Chithunzi cha Mwana Wanga Pambali pa Chitini cha Phala

Mwana wanga wamwamuna anabadwa wonenepa, ndipo anapitiriza kunenepa ngati pali wina amene akupikisana naye. Mikono inali ndi mizere ngati yamangidwa ndi ulusi, masaya ali lende. Ine sindinkakondwa nazo mokwanira, chifukwa ndine munthu wamantha. Akagona nthawi yaitali ndinkamuyika chala pamphuno. Akayetsemula kawiri ndinkayamba kuganiza za basi ya kuchipatala. Bambo ake, amene anali kalaliki wa pasikelo pa esiteti ya tiyi imene tinkakhala, ankandiseka kuti ndidzafa ndi chimfine cha mwana, mwini chimfine ali phee kusewera.

Makolo athu anachokera ku Malawi kudzathyola tiyi kuno ku Chipinge, ife n'kubadwira m'komboni. Mwa ana onse a mayi anga, ndine ndekha amene ndinafika kukoleji. Ndinakaphunzira ku Mutare, n'kubwerako ndi satifiketi ya taipi ndi ntchito za mu ofesi. Inandipezera malo pa kanyuzipepala ka m'tauni, kotuluka Lachisanu lililonse, kolembedwa m'Chingerezi. Ntchito yanga inali kulandira anthu ofuna kutsatsa malonda awo, kukonza mawu awo, ndi kuwataipa.

Mkonzi wathu anali bambo wachikulire, mphunzitsi wakale, wosakonda phokoso. Tsiku langa loyamba anandikhazika pansi.

“Mwana wanga, nkhani ikanama, anthu amatitukwana basi, mawa ayiwala. Koma malonda akanama, munthu amatenga bodza lija n'kukalowa nalo m'nyumba mwake. Liwu lililonse limene akubweretsera ulifunse ngati lili loona. Likachita chibwibwi, ulichotse.”

Ndinaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse, mwina mopitirira. Bambo wina anabwera ndi botolo limene ankati limachiza chifuwa, nyamakazi ndi kusabereka. Ndinamubweza. Wina ankafuna antchito, akulonjeza nyumba yaulere koma osafuna kutchula kumene kuli nyumbayo. Ndinamubwezanso. Mkonzi ankanditchula mlonda wa pachipata, ine n'kumamva kukoma.

Panali kanthu kamodzi kamene ndinkabisa pa ofesipo. Mwana wanga ankayamwa bere, bere lokha. M'mawa ndinkakwera naye basi ya ku esiteti, n'kukamusiya kwa azakhali anga amene ankakhala kuseri kwa depoti ya mabasi. Nthawi ya tiyi ndi ya nkhomaliro ndinkati ndikupita kupositi, pamene ndikuthamangira kukayamwitsa. Mkati mwa bulauzi ndinkapindiramo tinsalu kuti mkaka usaonekere. Mukandifunsa chifukwa chake, yankho lake ndi lochititsa manyazi. Atsikana amene ndinaphunzira nawo, ndi amayi a m'maofesi a m'tauni, onse anali ndi mabotolo ndi zitini. Kutulutsa bere kunali kwa amayi a m'komboni, pansi pa mtengo, dengu lili pambali. Ine ndinali nditachokako kumeneko, kapena ndinkafuna anthu aziganiza choncho.

Tsiku lina ndinachedwa kupita “kupositi”, mwana analira mpaka azakhali anatopa naye n'kumubweretsa ku ofesi. Pa kauntala panali bambo wina wa golosale yaikulu m'tauni, munthu wansangala, wa mimba yake. Anali atayamba kugaya ufa wa phala la ana ndi kuulongedza m'zitini zokhala ndi dzina lake, ndipo anabwera kuti tiutsatse. Atangomuona mwanayo anaomba m'manja.

“Maiwe! Uyu ndi mwana kapena thumba la shuga? Ndi wandani?”

“Ndi wanga, bambo.”

“Ndiye tikuvutikiranji? Ine ndimati ndikapemphe chithunzi cha mwana wachizungu ku Harare. Uyu ndi wathu, wa konkuno. Mumuveke bwino Loweruka, wojambula ndilipira ndine.”

Ndinakafunsa mkonzi. Iye anatenga pepala la mawu n'kuwerenga pang'onopang'ono, monga mwa chizolowezi chake. Panalembedwa kuti ufawo ndi wa chimanga, soya ndi mtedza. Zinali zoona, ndinali nditakaona ndekha kuchigayo. Mwini golosale anali atalemba kuti umateteza ana ku matenda, ndipo ine ndinali nditachotsa kale mawu amenewo. Pansi, m'zilembo zing'onozing'ono, ndinali nditaonjezera kuti ndi wa ana amene ayamba kale kudya, ndiponso kuti uziphikidwa ndi madzi owiritsa.

“Mawu ali bwino,” anatero mkonzi. “Za chithunzi, mwana ndi wako.”

Palibe amene anafunsa ngati mwanayo analawapo phalalo. Ngakhale ine sindinadzifunse. Ndinali kuganiza za kasuti koti ndimuveke.

Lachisanu lotsatira anatuluka pa tsamba lomaliza, akuseka, nkhama zili mbee, chitini chili pambali pake. Mwini golosale ananditumizira katoni ya zitini kuti ndi zikomo.

Nyuzipepala yathu inkafika kusitolo ya pa esiteti, koma owerenga m'komboni anali ochepa. Ambiri ankaigula, kapena kuipempha ikatha ntchito, kuti akulungire nsomba zouma ndi kumata m'makoma. Wina anadula chithunzi chija n'kukachimata pa mzati wa shedi ya sikelo, pamene amayi amaima pamzere ndi madengu awo a masamba. Bambo a mwana anabwera kunyumba akuyenda ngati bwana.

“Lero sikelo inachedwa. Aliyense amafuna aone kaye mwana wa kalaliki.”

Ine sindinakondwe nazo. Kwathu mwana sayamikiridwa pagulu kuti wanenepa, anthu ena maso awo si abwino. Ndinayamba kuganiza za nsanje, za amene alibe ana, za amene ana awo ndi owonda. Ngakhale ndine wa mpingo, ndinamumanga kachingwe m'chiuno mobisa. Ndinkamuyang'ana m'maso, m'kamwa, m'matewera. Mantha anga onse ndinawathera pa mwana amene analibe vuto lililonse.

Achimwene anga ankagwira ntchito m'fakitale ya tiyi, ndipo mkazi wawo ankathyola masamba. Mlamu wangayo anachokera ku Mozambique, anathawa nkhondo ndi chitenje chimodzi chokha m'chiuno, chimene kwawoko amati kapulana. Chinyanja chake chinali ndi mawu a Chipwitikizi apa ndi apo, ndipo sukulu sanaiponde. Ankanditcha tete, monga anthu a kuno amatchulira mlongo wa mwamuna, koma akafuna kundiseka ankati madamu. Tinkagwirizana kwambiri. Ndi iye amene ankandiluka tsitsi, akundiuza nkhani zonse za m'komboni. Mwana wake wamkazi anabadwa patapita miyezi ingapo wanga atabadwa. Kanali kamwana kakang'ono, ka maso aakulu, koma kathanzi, koyamwa bwino.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi anadzera kwathu, n'kuona katoni ija pansi pa tebulo. Anatulutsa chitini chimodzi, n'kuchitembenuza.

“Ehe! Tete, chinsinsi chake ndi chimenechi? Ife kumati ndi mtundu wa kwa bambo ake!”

Ndinaseka.

“Tengani, mlamu. Kuno zangodzaza malo.”

“Nanga mwini wakeyu adya chiyani?”

“Ameneyu sasowa.”

“Madamu enieni,” anatero, akumanga zitini mu kapulana. “Nafenso tikhale ndi mwana wa mu pepa.”

Ndaganizapo kambirimbiri za mawu amene ndinayankha tsiku limenelo. Mkonzi akanawawerenga, sakanachotsapo ngakhale limodzi. Zitini zinkadzazadi malo. Mwana sankasowadi. Ndikanangonena kuti mlamu, uyutu amayamwa bere ngati wanuyo, ndipo wanuyo sanafike poti n'kudya phala, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinkakonda mmene ankandiyang'anira.

Mvula inayamba, tiyi n'kuphuka. Amene anakhalapo pa esiteti akudziwa nyengo imeneyo. Masamba amakula usana ndi usiku, akapitawo amakuwa m'mawa kusanayere, ndipo chimene munthu alandire chimadalira kulemera kwa dengu lake. Amayi oyamwitsa ankasiya ana pa kanyumba kena pafupi ndi komboni, kwa mayi wina wokalamba amene ankawasunga, n'kumabwerako dzuwa likakwera kudzayamwitsa. Ulendo umenewo unkadya nthawi, makamaka akapatsidwa munda wakutali kuphiri. Mlamu anaona kuti tsopano wapeza njira. Anasiya chitini kwa mayi uja, iye n'kumathyola mpaka madzulo osabwerako. Mayiyo anali ndi ana ambiri, nkhuni zonyowa, ndi madzi a mu mgolo. Mwanayo sankatha kumeza phala lolimba, choncho ankalisungunula kukhala lamadzimadzi n'kumamumwetsa. Zilembo zanga zing'onozing'ono zija zinali pa mzati wa sikelo, m'Chingerezi, pansi pa nkhope ya mwana wanga.

Ine sindinadziwe chilichonse. Masabata amenewo ndinkafika kunyumba kutada, mlamu nayenso ali wotopa, sitinkaonana.

Tsiku lina chakumasana achimwene analowa mu ofesi, jasi ikudontha madzi. Sanakhale pansi.

“Mlamu wako wapita ndi mwana uja kuchipatala ku Mount Selinda pa lole ya esiteti. Wakhala akutsegula m'mimba. Liwombo lalowa.”

Ndinatenga mwana wanga kwa azakhali n'kukwera basi. Kuchipatala cha mishoni ndinapeza mlamu atakhala pa mphepete mwa bedi, akumwetsa mwana madzi a mchere ndi shuga ndi kasupuni. Kamwana kaja kanali katatha. Khungu linali ngati la nkhalamba, kulira kwake ngati kwa mphaka wakutali. Mlamu anandiona n'kuyesa kumwetulira.

“Tete, mwasiya ntchito chifukwa cha ife?”

Namwino amene ankayang'anira chipindacho anali mayi wamtali, wolankhula mosazungulira. Anafunsa mlamu chifukwa chake sakuyamwitsa. Mlamu anati akuyesa, koma mkaka ukungotuluka timadontho, mwana akukana bere. Namwino anafunsa zimene wakhala akumupatsa, mlamu n'kutchula phala la m'chitini. Kenaka mayiyo anatembenukira kwa ine, n'kuyang'anitsitsa amene ndinamubereka kumbuyo.

“Uyu ndamuonapo. Si mwana wa mu nyuzipepala uyu?”

“Ndi yemweyo, amayi.”

“Ndiye inu mumamupatsa phalalo kangati patsiku?”

Mwana wanga anasankha nthawi yomweyo kuyamba kulira ndi kukoka bulauzi yanga. Ndinamva mkaka ukubwera. Tinsalu tija ndinali nditatisiya mu ofesi.

“Sanalidyepo,” ndinatero. “Amayamwa.”

“Ndi botolo?”

“Bere lokha.”

Namwino anangopita pa bedi lina. Mlamu anali atagwira supuni m'mwamba, madzi akudontha pa bulangeti.

“Tete, bere lokha?”

“Eya, mlamu.”

“Chibadwire?”

“Chibadwire.”

Anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu, n'kupitiriza kumwetsa mwana. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, akananditukwana m'Chipwitikizi chipinda chonse chimve.

Mawa lake ndinapita kwa mkonzi n'kumuuza zonse, kuyambira za kupositi. Ndinamupempha kuti tilembe m'nyuzipepala kuti tinalakwitsa. Anatulutsa tsamba lija n'kuliyala pa tebulo.

“Ndiuze liwu limene lili labodza, tilikonze.”

Ndinawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Panalibe.

Anavula magalasi. “Zaka zonsezi ndakhala ndikulondera mawu,” anatero. “Ndinayiwala kuti theka la anthu athu amawerenga nkhope. Ndipo ngakhale titalemba kupepesa, amene akufunika kumva adzakuwerenga bwanji?”

Analamula kuti chithunzicho chisatulukenso. Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera ndi chithunzi cha munthu pambali pa katundu ankafunsidwa ngati munthuyo amagwiritsadi ntchito katunduyo. Mwini golosale atamva anabwera akupukuta thukuta.

“Mwana wanga, pepani za kamwanako, ndithu pepani. Koma ufa wanga ndi wabwino, munauona nokha. Munalemba nokha kuti ndi wa ana oyamba kudya. Nanga munthu akapanda kuwerenga, mlandu ndi wanga?”

Sankanama. Anapeza chithunzi cha chitini chokha, malonda ake n'kupitirira. Cha pa mzati wa sikelo chija bambo a mwana wanga anachimatula okha, osandiuza.

Kamwana kaja kanachira m'mimba, koma mkaka wa mayi ake sunabwerere. Anayesa zonse zimene anauzidwa, kumuyika pa bere pafupipafupi, kumwa thobwa, kudya mtedza. Timadontho basi. Tsiku lowatulutsa, namwino uja ananena akulemba khadi, osayang'ana aliyense, kuti mwanayu akufunika bere kuposa china chilichonse, ndipo pa banja limeneli pali wina amene ali ndi mkaka wokwanira ana awiri.

Tinabwerera limodzi pa basi. Titafika pa esiteti ndinawaperekeza mpaka kukomboni, n'kuima pakhomo ngati mlendo. Mlamu analowa, anayala mphasa, n'kumasula mwana kumbuyo. Anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anamukweza m'mwamba n'kundipatsa, nkhope atayang'ana kukhoma.

Kanayamwa ngati kakuba, kakundiyang'ana ndi maso aakulu aja.

Mkonzi anandilola kugwira ntchito m'mawa wokha. Ndinkayamwitsa kamtsikanako ndisanakwere basi, ndikabwerako masana n'kupita molunjika ku kanyumba kosungirako ana kaja. Kumeneko kunalibe kobisala. Ndinkakhala pakhonde ndi siketi yanga ya ku ofesi, wina bere ili, wina bere ili, amayi akudutsa ndi madengu. Wina anaima n'kugwira m'chiuno.

“Abale, bwerani mudzaone! Kani madamu nawonso ali nawo mabere!”

“Awiri enieni,” anayankha mnzake. “Ife timayesa anawasiya kukoleji.”

Anaseka, nanenso ndinaseka, ngakhale misozi inali pafupi. Ndinamva kuti amayi ena awiri amene anali atagula zitini zija anayambanso kubwera kudzayamwitsa dzuwa likakwera. Sindikudziwa ngati panali ena amene sindinawamve, a m'maesiteti ena kumene nyuzipepala yathu inkafika. Funso limenelo limandibwerera mpaka lero.

Kamtsikana kaja kanayamba kudzaza. Masaya anabwerera, kanayamba kuseka, kukwawa. Achimwene ankandithokoza mpaka ndinkachita manyazi. Koma panayamba china chimene palibe anachiganizira. Kakagwa, kankalira kakuyang'ana kumene kuli ine. Mayi ake akabwera kumunda, atanyowa, zala zitadetsedwa ndi masamba, n'kutambasula manja, iko kankabisa nkhope m'khosi mwanga. Mlamu ankaseka, amvekere, “Onani kahule aka, kakonda a ndalama.” Koma ndinkaona mmene ankapindira manja aja pobweza.

Anasiya kundiluka tsitsi. Sanakane, ankangoti watopa. Nkhani za m'komboni ndinayamba kuzimva kwa anthu ena.

Mwanayo atayamba kudya bwino ndi kuima chogwirira, achimwene anabwera kudzatiuza kuti apeza malo pa fakitale ina ku Honde, kutali ndi kuno, ndipo ku Samanga, pafupi ndi fakitaleyo, kuli abale a mlamu amene awapatsa kamunda. Bambo a mwana wanga anadabwa, chifukwa ntchito ya achimwene kumeneko inali yomweyo, malipiro omwewo. Ine sindinadabwe. Ndinadziwa amene anapempha kuti asamuke.

Tinawaperekeza kudepoti ya ku Chipinge. Katundu atakwezedwa pamwamba pa basi, kamtsikanako kanali m'manja mwanga, kakusewera ndi batani la bulauzi. Ndinafunsa ngati ndingakayamwitse komaliza, kuti kagone m'njira.

“Ayi, tete,” anatero mlamu mofatsa. “Kazolowere lero lomwe.”

Anakatenga. Kanakuwa, kakuponya miyendo, manja ali kwa ine. Mlamu anakamanga kumbuyo ndi kapulana, anamanga mfundo yolimba, n'kutembenuka kuti kasandione. Ali pa chitseko cha basi anayang'ana m'mbuyo.

“Mwatisungira mwana, tete. Mulungu akuona. Koma ndimafuna adziwe kuti mayi ake ndine.”

Basi inanyamuka kulira kukumvekabe. Ndinabwerera ku ofesi wapansi. Thupi silidziwa kuti mwana wapita, linapitiriza kukonza mkaka wa ana awiri. Kwa masiku angapo mabere anatupa, olimba ngati miyala, ndipo wangayo sankatha kuumaliza. Ndinkaukamira m'kapu kuseri kwa nyumba n'kuuthira pansi.

Ku Honde sindinapiteko. Achimwene akabwera pa Khirisimasi amabwera okha, amati kamtsikana kayamba sukulu, n'kakafupi pa anzake onse koma kanzeru, ndipo mayi ake akupereka moni. Ndimawapatsa madiresi oti akakapatse. Sindinafunsepo ngati amakaveka.